Sunga Khosi, Mkanda Uoneka

Pakati pa miyambi imene akuluakulu akale adasiyira ana awo, ulipo umodzi umene ankaunena kwa munthu wolema ndi mavuto: sunga khosi, mkanda uoneka. Masiku amenewo mkanda udali chuma chosowa. Unkabwera ndi amalonda ochokera kugombe la nyanja yamchere, ndipo mtsikana wa kumudzi ankatha kukula mpaka kulowa m'banja asanauvalepo. Komatu mwambiwu sutchula tsiku limene mkandawo udzafike, kapena munthu amene adzabwere nawo. Umangolangiza kuti khosi lisungidwe, pakuti mkanda ukafika n'kupeza khosilo palibe, udzavalidwa pati? Tsono munthu wodikira ali nayo ntchito lero lomwe, ndiyo kusamala moyo wake, mbiri yake ndi mtima wake kufikira nthawi itakwana.

Chikhristu chimaphunzitsa khalidwe lofanana ndi limeneli, ndipo m'Chichewa limatchedwa chiyembekezo. Amene adamasulira Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, adapeza tsinde la liwuli lili kale pakamwa pa anthu. Kuyembekeza ndiko kudikira chinthu chimene munthu akudziwa kuti chikubwera. N'chifukwa chake mayi wapakati amatchulidwa mwaulemu kuti ndi woyembekezera. Nkhope ya mwanayo sanaione, tsiku lenileni salidziwa, koma kayendedwe kake kasintha, kadyedwe kake kasintha, ndipo ikakhala mimba yoyamba anamkungwi amamulangiza pa mwambo wa chisamba. Chimene akudikiracho chayamba kale kulamulira moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Mkhristu akanena kuti ali ndi chiyembekezo amatanthauza kudikira kwa mtundu umenewu, kosiyana kwambiri ndi kuja kwa munthu wongogwira tsaya n'kumati, "Kaya, mwina mawa zisintha."

Makolo omwewo sadali anthu otengeka ndi malonjezo. Adanenanso kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, kutanthauza kuti chimene sichidafike m'manja usachiwerengere. Miyambi iwiriyi imaoneka ngati ikukangana, koma imakumana pa mfundo imodzi, yoti lonjezo limalemera molingana ndi mwini wake. Lonjezo la mlendo wongodutsa pamudzi ndiye fodya wa pachala. Koma malume amene sadanamepo akati, "Mphwanga, mbuzi ija ndikupatsa tikakolola," mwanayo amayambiratu kudula mitengo ya khola. Akhristu amati Mulungu ndi wosunga mawu ake, ndipo umboni waukulu umene amaloza ndiwo kuuka kwa Yesu kwa akufa. Mtumwi Paulo, m'mutu 15 wa kalata yake yoyamba kwa Akorinto, adavomereza poyera kuti kukadapanda kuuka kumeneko, chikhulupiriro chonse chikadakhala chopanda pake. Kalata ya kwa Ahebri, m'mutu 6, imayerekeza chiyembekezo ndi nangula. Asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi amachimvetsa bwino chifanizo chimenechi. Mwera ukawomba, nangula saletsa mafunde, ndiponso iye mwini saoneka chifukwa ali pansi pa madzi. Koma bwato limagwedezeka lili pamalo pake.

Kwa anthu a kumtunda, amene moyo wawo uli pa khasu, chifanizo chomveka bwino ndi mbewu. Pokolola, mayi wanzeru ankasankha chimanga chachikulu ndi chokhwima bwino, n'kuchimanga m'mitolo ndi makoko ake omwe, n'kuchipachika kudenga la khitchini pamwamba pa mafuwa, kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Chimanga chimenecho sichinkawerengedwa pa chakudya cha pabanja. Chaka cha mwanaalirenji panalibe wochiyang'ana n'komwe. Mayeso ake ankabwera chaka cha chilala, nkhokwe ikayera mvula isanagwe, ana akulira, mitolo ija ili lende pamwamba pa mitu yawo.

Njala ya 2002 idayesa mabanja ambiri m'njira imeneyi. Zokolola za 2001 zidali zochepa, mtengo wa chimanga udakwera koopsa, ndipo pofika Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Anthu ankadya madeya, zitsa za nthochi ndi mizu ya kutchire. Chimanga cha m'munda chidadulidwa chikadali chachiwisi n'kupangidwa chitibu, kotero kuti nthawi yokolola itafika, m'minda yambiri mudatsala zochepa.

M'mudzi wina wa kumapiri a Dedza mudali mayi wina wamasiye wa zaka zopitirira 60. Pa zaka zochepa chabe njalayo isanafike, iye adaika m'manda ana ake atatu, onse akuluakulu, amene adatengedwa ndi matenda a Edzi. Nthawi imeneyo mankhwala otalikitsa moyo adali asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, pakuti zimenezo zidayamba mu 2004. Mayiyo adatsala ndi adzukulu asanu, munda wa pamtsetse ndi khasu lakutha. Adali wa Chigwirizano cha amayi mumpingo wake, ndipo kuwerenga ankadziwa pang'ono chabe, moloza ndi chala liwu lililonse.

M'chaka chowawacho adakolola madengu owerengeka. Ngakhale zidali choncho, adasankhamo mbewu monga adaphunzirira kwa amayi ake, n'kuipachika kudenga. Pofika Okutobala m'nyumbamo munkaphikidwa kamodzi patsiku, nthawi zina phala la madeya lopanda mchere. Tsiku lina madzulo mdzukulu wamkulu, mnyamata wa zaka 12, adalimba mtima n'kufunsa.

"Agogo, bwanji osatsitsako chimanga chili kudengacho tikazinge? Ana akulira."

"Mdzukulu wanga," adayankha gogoyo, "chimenecho ndi munda wa chaka chamawa. Tikachidya lero tikhuta usiku umodzi, mvula ikagwa tidzabzala chiyani?"

"Nanga mvulayo ikapanda kugwa?"

"Mvula ndi ya Chauta. Ife chathu n'kusosa ndi kupanga mizere. Tenga buku lija uwerengere ang'ono ako asanagone."

M'mawa mwake gogoyo adapita kukagwira ganyu kudimba la munthu wina, ndipo adabwera ndi kambale ka ufa. Masiku ena ankabwera chimanjamanja. Amayi anzake a Chigwirizano, amenenso kwawo kudalibe kanthu, ankabwera Lachinayi ndi kamtolo ka nkhuni kapena kamchere ka papepala, n'kupemphera naye pakhonde. Ana sadawachotse pasukulu, ngakhale ankapita m'mimba muli gwa, popeza kuyambira 1994 sukulu ya pulayimale idali yaulere ndipo iye ankati nayonso ndi mbewu. Mvula itagwa adatsitsa mitolo ija, adaitong'ola, ndipo iye ndi adzukulu adabzala munda wonse.

Nkhaniyi ilibe mathero a m'nthano. Zokolola za chaka chotsatira zidali zongokwanira kupulumukirapo. Kamtsikana kamodzi mwa adzukuluwo, kamene kadabadwa kodwaladwala, kadamwalira. Gogoyo mwini adatsikira kuli chete mnyamata uja asanamalize sekondale, osaona tsiku limene adzukulu ake adayamba kudziimira paokha. Koma anayi adakula, ndipo adakula akudziwa kuti m'nyumba yanjala mukhoza kukhala chinthu chimene sichidyedwa chifukwa ndi cha mawa. Mphamvu ya mayi ameneyu sidachokere m'thupi, pakuti lidali lofooka, kapena m'nkhokwe, pakuti idali yopanda kanthu. Idachokera m'chitsimikizo chakuti Mulungu amene adamulola kuika ana ake m'manda sadamutaye, ndi kuti manda amenewo si mapeto a nkhani yawo.

M'Malemba muli munthu amene adachita zofanana ndi zimenezi. Mutu 32 wa buku la Yeremiya umasimba za nthawi imene ankhondo a Nebukadinezara, mfumu ya ku Babulo, adazinga mzinda wa Yerusalemu. Mneneri Yeremiya adali m'ndende, ndipo iye yemwe ndiye adalosera kuti mzindawo udzagwa. Pa nthawi yotereyo mbale wake Hanameli adabwera kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti. Munthu wochenjera pa malonda akadakana, pakuti ndani amagula munda m'dziko limene adani ali pafupi kulanda? Koma Yeremiya adaugula ndi masekeli 17 a siliva, adalemba kalata ya umwini pamaso pa mboni, ndipo adalamula Baruki kuti aike makalatawo mu mtsuko wadothi kuti akhalitse. Ankakhulupirira lonjezo la Mulungu lakuti tsiku lina minda idzagulidwanso m'dzikomo. Yerusalemu adagwadi, ndipo Yeremiya adatengedwa kupita ku Ejipito. Mtsuko wa mneneriyo ndi mitolo ya kudenga ya gogo wa ku Dedza zikunena chinthu chimodzi: chiyembekezo chenicheni chili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umalipidwa lero.

Pamenepa m'pofunika chenjezo, pakuti pali zinthu ziwiri zimene zimavala chovala cha chiyembekezo koma zili zina. Choyamba ndi ulesi. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Malemba sasiyana nawo. Ku Tesalonika kudali Akhristu ena amene adaleka ntchito n'kumadya za anzawo, ndipo Paulo adawadzudzula kolimba kuti agwire ntchito ndi kudya za thukuta lawo. Yakobo, m'mutu 5 wa kalata yake, popereka chitsanzo cha kudikira adasankha mlimi, munthu amene amadikira mvula mbewu ili kale m'nthaka. Ngakhale makolo akale, popita kukathira nsembe yopempha mvula ku Msinja kwa Makewana kapena ku Khulubvi kwa Mbona, ankasiya minda yososa kale. Chizimalupsa chikamagwa, mizere inkakhala itayamba kuoneka.

Chachiwiri ndi phuma. Masiku ano kuli alaliki ena amene amauza anthu osauka kuti apereke ndalama monga mbewu, ndipo pakutha pa mwezi adzakolola galimoto, ntchito kapena ukwati. Mawu ake ndi okoma, koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Mwezi ukatha popanda chooneka, munthu uja amatsala wopanda ndalama, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti amayamba kukayika Mulungu pa lonjezo limene Mulunguyo sadapereke. Paulo, m'mutu 5 wa kalata ya kwa Aroma, adalongosola njira yake mwa mtundu wina: masautso amabala kupirira, kupirira kumaumba khalidwe loyesedwa, ndipo m'khalidwe limenelo ndi momwe chiyembekezo chimamera. Njira imeneyi ndi yaitali, ndipo ilibe chidule.

Malo amene chiyembekezo chachikhristu chimaonekera poyera kuposa ena onse ndi pamaliro. Mwambo wogona pasiwa ndi wakale kuposa mipingo. Achewa sankasiya namfedwa yekha usiku. Chikhristu chitabwera chidapeza mwambowo n'kuudzaza ndi nyimbo za kuuka kwa akufa. Amayi a Chigwirizano, a Mvano, a Umanyano, akhristu a m'miphakati ya Chikatolika ndi ena ambiri amachezera kuimba m'nyumba ya siwa, abambo ali pamoto panja. Palibe amene amaletsa namfedwa kulira. Paulo yemwe sadaletse misozi. Adangofuna kuti chisoni cha okhulupirira chisafanane ndi cha anthu amene sayembekeza kanthu. M'nyumba imodzimodziyo mumamveka kulira ndi kuimba, ndipo zonse ziwiri ndi zoona. Zidaonekanso m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula mapiri m'chigawo cha kummwera, matope a m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu mazanamazana adatayika ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena. Opulumuka adasonkhana m'masukulu ndi m'matchalitchi, adalira, adapemphera, ndipo mvula italeka ambiri adayamba kuumba njerwa.

Adzukulu a masiku ano ali ndi njala zawozawo. Wina adamaliza maphunziro zaka zapitazo koma makalata ofunsira ntchito sayankhidwa. Wina ali ku Johannesburg, kutali ndi kwawo, akugwira ntchito imene sangaitchule kwa makolo ake. Wina akusamala wodwala amene madokotala adamulephera. Aliyense wa iwo ali ndi mbewu yake yopachika kudenga: dzina labwino, luso la manja, banja, thanzi, chikhulupiriro. Njala ikakula, mtima umanong'oneza kuti atsitse mbewuyo akazinge, ndiko kuti alandire chiphuphu, alowe m'mowa, agulitse munda wa makolo kapena atayiretu moyo wake. Munthu wopanda choyembekeza alibe chifukwa chokanira, popeza kwa iye mawa kulibe. Koma amene akudziwa kuti mwini lonjezo ndi wokhulupirika amatha kugona ndi njala usiku umenewo, mbewu ili pamalo pake.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, adatero akuluakulu. Mikanda ina imaoneka chaka chomwecho, ina imavalidwa ndi adzukulu mwini khosi atapita, ndipo Mkhristu amakhulupirira kuti wamtengo wapatali koposa udzaoneka kutsidya kwa manda. Pakadali pano m'mawa uliwonse uli ndi ntchito yake: moto woti ukolezedwe, mwana woti apite kusukulu, wodwala woti akazondedwe, ndi munda woti usosedwe mitambo isanaoneke.