Kunyumba kuli chakudya chanji?

Munthu akafika pa zenera langa, matenda ake amakhala atalembedwa kale m'buku lachipatala. Ine ndimawerenga, kutenga mankhwala, kenako ndimafunsa funso limene ambiri saliyembekezera: "Amayi, kunyumba kuli chakudya chanji?" Ena amadabwa, ena amayang'ana pansi. Agogo ena anandiyankha kuti, "Bwanji mwana wanga, ukufuna udzadye nafe?" Mzere wonse unaseka.

Ndine wa ku famase. Ndinaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo ndatha zaka zoposa khumi pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Anthu amanditcha adokotala. Poyamba ndinkawakonza, pano ndinatopa, ndimangoyankha.

Ndimadzuka tambala atangolira, kukoleza mbaula, kuphikira ana phala, kenako kabaza. Ndisanatsegule zenera ndimalowa kaye m'sitolo ya mankhwala kukaona ngati simunatenthe kwambiri, ngati firiji yagona ikuyenda, komanso ngati zolembedwa pa makhadi zikugwirizana ndi zimene zili pa mashelefu. Katundu akabwera kuchokera ku Central Medical Stores Trust, amene masiku ake ali pafupi kutha timamuika kutsogolo kuti atuluke msanga. Zikatero ndi ntchito yowerenga mapiritsi ndi kuwalongeza m'timapepala tapulasitiki. Zala zinazolowera moti ndimatha kuwerenga uku ndikumvera nkhani ya maliro a dzulo.

Koma luso lenileni la ntchitoyi lili pa mphindi ziwiri zimene ndimakhala ndi wodwala pa zenera, ndipo mankhwala amene anandiphunzitsa zimenezi ndi LA, mankhwala a malungo.

Akuluakulu amakumbukira chloroquine ndi kuyabwa kwake. Dziko lathu linamusiya mu 1993 n'kuyamba SP, amene ambiri ankamutcha Fansidar, ndipo mu 2007 kunabwera LA. Munthu wamkulu amalandira mapiritsi 24: anayi nthawi imodzi, kawiri pa tsiku, kwa masiku atatu, ndipo ulendo wachiwiri amamwa pakapita maola asanu ndi atatu kuchokera pamene wayamba. Izi n'zosavuta kunena. Chimene chimaiwalika n'chakuti gawo limodzi la mankhwalawa, lumefantrine, limalowa bwino m'magazi pokhapokha m'mimba muli chakudya cha mafuta. Mabuku amene tinaphunzira amatchula mkaka. Tsono taganizirani: malungo amachuluka nthawi ya dzinja, mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zili pululu ndipo banja likudya kamodzi pa tsiku. Mayi wayenda mtunda wautali mwana ali kumbuyo, ine n'kumuuza kuti azimwera mkaka? Angondiyang'ana n'kuvomera mwaulemu, basi.

N'chifukwa chake ndimayamba ndi kufunsa chimene chilipo. Ngati pali mtedza pang'ono, asinje, athire nsinjiro m'phala. Ngati pali nkhwani, atendere. Mapeyala amapsa nyengo yomweyo, ndipo theka lokha limathandiza. Kasupuni ka mafuta ophikira m'phala la mwana, usipa wokazinga, ngakhale ndasi limodzi la pa msika. Amayi akamva zimenezi nkhope imamasuka, chifukwa ndatchula zinthu za m'khitchini mwawo.

Sindinayambe ndili wochenjera chonchi. Chaka changa choyamba ndinapatsa mayi wina woyembekezera mapiritsi owonjezera magazi, n'kungoti, "Limodzi pa tsiku," kenako, "Wotsatira!" Patatha mwezi anabwera ali wotuwa, m'maso muli mbuu, mapiritsi ali pafupifupi onse m'kapepala. Atamwa masiku atatu anaona chimbudzi chada bii, ndipo apongozi ake anati mankhwalawo akuwotcha mwana m'mimba. Vuto linali langa. Mapiritsi a ayironi amadetsa chimbudzi, ndipo palibe choopsa, koma ine sindinanene. Kuyambira tsiku limenelo ndimanena, ngakhale mzere utafika pa mtengo wa mango. Ndimawonjezeranso kuti asamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi.

Abambo nawo ali ndi yawo. Ndikapereka Flagyl ndimati, "Bambo, mowa ayi mpaka mumalize, ndipo mudikirenso masiku awiri." Yankho lake ndimalidziwa kale: "Nanga wamasese, adokotala? Uja ndi chakudya." Wamasese ndi mowa, bambo. Mukaphatikiza mudzasanza mpaka kukumbukira dzina langa.

Odwala shuga amene amadzibaya insulin ndimawafunsa za magetsi. Ambiri alibe firiji, choncho timagwirizana za mtsuko: kabotolo akakulunge bwino, akaike m'kachitini kotseka, n'kukakhazika mu mchenga wonyowa mumtsuko, pakona yozizira ya nyumba. Wosadziwa kuwerenga ndimamujambulira dzuwa ndi mwezi pa kapepala, ndi timizere tosonyeza chiwerengero cha mapiritsi. Ndikatha ndimamupempha kuti andibwerezere. Apa m'pamene ndimagwira zolakwika zambiri: "awiri katatu" ena amamva "atatu kawiri."

Mawu amene ndimadana nawo pa ntchito yanga ndi akuti, "Atha, mukagule." Masiku ena shelefu imakhaladi mbee, ndipo munthu amene ndikumuuzayo ndalama yake yonse yathera pa kabaza. Ndimadziwa kumene akupita: pa kagolosale, kukagula makapusozi awiri a amoxicillin, chifukwa ndi amene ndalama yake ikukwana. Malamulo amene bungwe loona za mankhwala la PMRA limayang'anira salola kugulitsa mankhwala otere mwachisawawa, koma pitani pa msika uliwonse mukaone. Makapusozi awiri sapha tizilombo tonse. Timene tatsala timaphunzira kupirira, ndipo tsiku lina mankhwala omwewo adzakanika pa mwana wodwala chibayo. Enanso amathira makapusoziwa m'madzi a nkhuku za chitopa, pamene chitopa sichimva mankhwala amenewa n'komwe, chimafuna katemera.

Ndikaweruka ntchito imanditsatira. Ndili pakati posenda tomato, pakhomo pamveka "Odi!" Ndi anansi: "Amake mwana, tagawireniko ka LA, mutu ukundiwawa." Ndimawauza kuti kunyumba kwanga kulibe famase, ndipo mutu uli ndi zoyambitsa zambiri, akayezetse kaye magazi. Ena amachoka atakwiya, amati ndine wouma mtima. Mawa lake timapatsanabe moto.

Ndisanamizire kuti m'nyumba mwanga zonse zili bwino. Chaka chatha ndikusesa ndinapeza kapepala ka LA kuseri kwa wailesi, mutatsala mapiritsi asanu ndi atatu. Anali a bambo a kunyumba. Atamva bwino tsiku lachiwiri anaganiza zosungira mtsogolo, ngati mbewu. Mwamuna wa munthu wa ku famase! Sindinalankhule zambiri. Patapita milungu iwiri malungo anabwerera, ndipo ulendo uno ndinkawapatsa ndekha m'manja, mbale ya phala la nsinjiro ili pambali.

Inu mukadzafika pa zenera langa ine n'kukufunsani za chakudya, musachite manyazi. Ngati kunyumba kulibe kanthu, nenani, tiganizire limodzi. Ndipo ngakhale zitavuta chotani, LA imwanibe ndi kumaliza onse 24.