Msodzi Woŵedza Yekha

Kwathu ndi ku Luchenza, m'boma la Thyolo, pamseu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje. Munthu akaima pamalo okwera amaona minda ya tiyi yobiriŵira, ndipo chakum'maŵa amaona phiri la Mulanje litaima ngati khoma. M'phirimo ndimo muchokera mtsinje wa Thuchila, umene umadutsa pafupi ndi tauni yathu n'kukathira mu Ruo. Ruo naye amakathira mu Shire ku Chiromo. Kuwonjezera pa mitsinjeyi, maesiteti ena a tiyi adakumba madamu osungiramo madzi othirira m'chilimwe.

Pamene pali madzi pamakhala nsomba, ndipo pamene pali nsomba sipasoŵa munthu wa mbedza. Matemba, makumba ndi milamba ndi ndiwo zokoma zimene zimathandiza mabanja ambiri. Anthu ochuluka amapita kukaŵedza aŵiriaŵiri kapena atatuatatu, koma alipo ena amene amapita okha. Atsibweni anga adali mmodzi wa anthu otere. Ankagwira ntchito yothyola tiyi mlungu wonse, ndipo akaŵeruka Loŵeruka masana, anzawo ankapita kukaonera mpira pamene iwo ankatenga mbedza zawo kuloŵera kumtsinje.

Tsiku lina ndidaŵafunsa kuti, "Atsibweni, kodi simuopa kukhala nokhanokha kumadzi?"

Iwo adayankha kuti, "Ndimaopa, mphwanga, ndipo mantha ameneŵa ndiwo andisunga mpaka lero. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiŵiri n'tianthu. Munthu amene ali ndi mnzake akaterereka, mnzakeyo amamgwira dzanja kapena kuthamanga kukaitana anthu. Ine ndilibe wondigwira dzanja. Tsono ntchito imene akadagwira mnzangayo ndiyenera kuigwiriratu ndekha ngozi isanafike."

Ntchito yoyamba idali kulaŵira. Atsibweni sankachoka pakhomo mwakachetechete. Ankauza amayi anga dzina la dziŵe limene akupitako, njira imene adzere, ndi nthaŵi imene abwerere. Ankanena kuti, "Achemwali, dzuŵa likafika pamwamba pa mtengo wa bulugama uwo ndisanafike, mutume anthu andilondole." Akafika kumtsinje n'kupeza kuti nsomba sizikudya nyambo, sankasamukira kudziŵe lina lakutali, chifukwa anthu oŵafuna akadakaŵayang'ana pamalo olakwika. Akafuna kuŵedza padamu la esiteti ankayamba apempha chilolezo kwa eni ake, ndipo potero alonda ankadziŵa kuti kudamuko kuli munthu.

Ntchito yachiŵiri idali kulongedza. M'thumba mwawo munkakhala chingwe cholimba, mpeni, tochi, madzi akumwa, chinangwa chophika ndi machesi okulunga m'pulasitiki. Ankatenganso juzi louma, chifukwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi kwathu kumagwa chiperoni, mvula yowaza yozizira kwambiri, ndipo munthu wonyoŵa amayamba kunjenjemera mpaka zala zimakanika kugwira kanthu. M'dzanja ankanyamula nsungwi yaitali yoyesera kuya kwa madzi ndi kulimba kwa dothi. Sankaiŵalanso chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Chigubu chotere sichimira, ndipo munthu akachikumbatira pachifuŵa chimamuyandamitsa.

Ntchito yachitatu, imene idali yaikulu koposa, idali kuŵerenga madzi. Atsibweni ankati madzi amalankhula, koma amamva ndi munthu wofatsa yekha. Asanaponye mbedza ankagogoda gombe ndi nsungwi yawo. Madzi oyenda amakumba dothi chapansi, n'kusiya pamwamba pali udzu wooneka bwino. Munthu akaponda pamenepo, gombe limagumuka naye. Padamu ankapeŵa malo otsetsereka a dothi la katondo, chifukwa dothi limeneli likanyoŵa limaterera ngati therere, ndipo pansi pa damu pamakhala matope amene amagwira miyendo.

Nditakula pang'ono ankanditenga masiku ena kuti ndiphunzire. Tsiku lina m'mwezi wa Januwale tidakhala pamwala m'mbali mwa Thuchila. Dzuŵa linkaŵala, ndipo tidali titagwira kale milamba iŵiri. Mwadzidzidzi atsibweni adayamba kukulunga chingwe chawo.

"Nyamuka, mphwanga, tikwere kumtunda," adatero.

"Bwanji, atsibweni? Mvula kulibe, ndipo nsomba zikudya."

"Tayang'ana kuphiri, kenaka uyang'ane madziŵa."

Kuphiri kudali kutachita mdima bii ndi mitambo. Madzi amene adali oyera adali atayamba kufiira, ndipo pamwamba pake pankayandama masamba ndi tizitsotso. Tidakwera kumtunda n'kukhala pansi. Pasanapite nthaŵi yaitali tidamva mkokomo, ndipo mwala umene tidakhalapo uja udamira. Pamene tidalipo sipadagwe ngakhale dontho limodzi la mvula. Madziwo adali a mvula imene idagwa kuphiri, kutali ndi ife.

Anthu a m'dera lathu amaidziŵa mphamvu ya madzi ochokera m'mapiri. Mu Marichi 1991 madzi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ku Phalombe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adadzaza mitsinje m'maboma a Thyolo, Mulanje, Phalombe, Blantyre ndi ena, ndipo anthu oposa 600 adafa m'Malaŵi muno. Zoopsa zazikulu zotere zimadza kamodzikamodzi, koma mtsinje umadzaza mwadzidzidzi chaka chili chonse m'dzinja.

Atsibweni adandiphunzitsanso kuti mabingu akayamba kugunda, msodzi achoke kumadzi msanga, ndipo asabisale pansi pa mtengo wautali woima paokha, chifukwa mphezi imakonda kugwa pamalo otero. Adandiuza kuti mu Shire ndi kumunsi kwa Ruo muli ng'ona, ndipo asodzi akumeneko saima m'mphepete mwenimweni mwa madzi kapena kutumbulira nsomba pagombe. Adandichenjezanso za likodzo. Tizilombo ta nthendayi timakhala mu nkhono za m'madzi odikha, ndipo timaloŵa pakhungu la munthu amene waima m'madzimo. Amene waona magazi mumkodzo apite kuchipatala, chifukwa mankhwala ake alipo.

Patapita zaka ndidaŵerenga za asodzi a m'maiko ozizira monga Finland, Canada ndi Russia. Kumeneko m'nyengo ya chisanu madzi a pamwamba pa nyanja amaundana n'kuuma gwa ngati matalala. Nyanja ya Baikal ku Russia imakhala youndana kuyambira mu Januwale mpaka chakumayambiriro kwa Meyi. Ife kuno chisanu chotere timangochimvera kwa anthu okwera phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yaitali mamita 3,002, kumene madzi osaya amatha kuundana usiku m'miyezi yozizira. Koma asodzi a kumaiko aja amayenda pamwamba pa nyanja ngati pabwalo. Amaboola dzenje laling'ono ngati mbale, n'kutsitsiramo mbedza, chifukwa pansi pa madzi oundanawo pali madzi wamba m'mene nsomba zikusambira.

Chimene chidandidabwitsa n'chakuti malamulo awo ndi ofanana ndi a atsibweni anga. Msodzi wakumeneko akamapita yekha amauza a kunyumba malo amene akupita ndi nthaŵi yobwerera. Amayenda ndi ndodo yachitsulo yogogodera pansi asanaponde. Amayeza kuchindikala kwa madzi oundanawo, ndipo ngati sikukufika masentimita 10, amabwerera. Amapeŵa malo amene mtsinje umathira m'nyanja, chifukwa madzi oyenda amadya madzi oundana chapansi, monga momwe Thuchila amakumbira gombe. M'thumba amaika chingwe, wenzulo, foni ndi zovala zouma zokulunga m'pulasitiki, ndipo amavala jekete loyandamitsa munthu. M'khosi amakoleka misomali iŵiri ikuluikulu yokhala ndi zigwiriro. Pansi pakasweka iye n'kugwera m'madzi, amatembenukira kumene adachokera, chifukwa kumeneko n'kumene kudamunyamula osasweka. Amabaya misomaliyo pamwamba, n'kudzikoka uku akupalasa ndi miyendo. Akatuluka saimirira msanga, koma amagubuduzika mpaka afike polimba. Ayenera kuchita zonsezi mofulumira, chifukwa madzi ozizira chotero amafooketsa manja m'mphindi zochepa.

Atsibweni anga sadaonepo nyanja youndana, ndipo asodzi a ku Finland sadamvepo za Thuchila. Komabe onseŵa adaphunzira chinthu chimodzi, chakuti munthu akagwa kale m'madzi alibe nthaŵi yoganiza. Chimene chimampulumutsa ndi chimene adakonza akali pamtunda.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidaŵerengera kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi, ndipo ambiri mwa iwo adali ana ndi achinyamata. M'chaka chomwecho bungwe la United Nations lidasankha tsiku la 25 Julayi kukhala lokumbutsa anthu za kupeŵa kumira.

Inu ana a sukulu, musaganize kuti mwaphunzira kuŵedza nokha poŵerenga nkhaniyi. Atsibweni adali munthu wamkulu, wodziŵa kusambira, ndiponso wodziŵa dziŵe lili lonse la m'dera lathu. Ngakhale zidali choncho, ine sadandilole kupita ndekha kumtsinje ndili mwana. Mwana apite kumadzi ndi munthu wamkulu, makolo ake akudziŵa. Mbedza ikakodwa pachitsa chapansi pa madzi, dulani chingwe. Mbedza ina mudzagula kusitolo, koma moyo sugulidwa.

Mukaona mnzanu akumira, musadumphire m'madzi, chifukwa munthu womira amagwira mwamphamvu chili chonse chimene wachikhudza, ndipo mungamire nonse aŵiri. Fuulani kuti anthu amve. Gonani chafufumimba pagombe n'kumpatsira nsungwi, nthambi kapena nsalu yaitali. Ngati ali patali, mponyereni chingwe kapena chigubu chotseka. Akatuluka, mfunditseni zouma, ndipo akuluakulu apite naye kuchipatala ngakhale aoneke ngati ali bwino.

Atsibweni adaŵedza okha zaka zambiri, ndipo adakalamba ali pakati pa adzukulu awo. Masiku ena ankabwera ndi nsomba zodzaza thumba, masiku ena ankabwera chimanjamanja chifukwa madzi adaŵauza kuti abwerere. Amayi anga sankadandaula pa masiku oterowo. Ankaphika nkhwani, tonse n'kudya nsima pamodzi.

Mafunso

1. Kodi mtsinje wa Thuchila umachokera kuti, ndipo umakathira kuti?
2. Tchulani ntchito zitatu zimene atsibweni ankagwira ngozi isanafike.
3. Kodi chigubu chopanda kanthu chingathandize bwanji munthu kumadzi?
4. Ndi zizindikiro ziti zimene zimaonetsa kuti mtsinje uli pafupi kudzaza?
5. Fotokozani zinthu ziŵiri zimene asodzi a m'maiko ozizira amafanana nazo ndi atsibweni.
6. Kodi mungachite chiyani mutaona mnzanu akumira?
7. Perekani tanthauzo la mwambi uwu: Kali kokha n'kanyama, tili tiŵiri n'tianthu.