Dzimbiri la Pansi pa Galimoto ya Amalume

Ambiri a ife tikamakwera matola timangoyang'ana ngati malo alipo ndi ngati matayala ali ndi mpweya. Kunsi kwa galimoto palibe amene amasuzumirako. Inenso ndinayamba kusuzumirako tchuthi chapitachi, pamene COF ya pikiapu ya amalume anga inatha.

COF ndi chiphaso chimene a Road Traffic amapereka akayeza galimoto n'kuona kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Popanda icho, pa rodibuloko sudutsa mwamtendere. Kwathu pikiapuyi si ya amalume okha ayi. Ndi imene imatsitsa khofi kuchokera kumapiri a Misuku, ndi imene amaigogodera usiku mayi woyembekezera akafunika kuthamangira naye kuchipatala cha pa Boma. Makope anga ndi sopo zimachokeranso momwemo.

Amakaniko atalowa pansi anagogoda ndi nyundo chitsulo chopingasa chimene chimanyamula injini, iwo amati kolosimemba. M'malo molira ngwe! chinalira phu, ndipo zidutswa zofiira zinayoyokera pankhope pawo. Chala chawo chinalowa chonse. Anatiuza kuti galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan, zimene zimatsikira ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, zimabwera dzimbiri litayamba kale, chifukwa kumadera ozizira a kumeneko amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Kuno matope a dzinja amamatirira m'makona n'kusunga chinyontho miyezi yambiri. Dzimbiri limadya kuchokera mkati, kunja penti ali phee.

Apa ndiye panabuka mkangano. Mnzawo wina wa amalume anati, "Achimwene, musataye ndalama. Matani ndi fila, mupake penti wakuda, woyeza saona." Kunena zoona nzeruyi inali yotchipa, ndipo amalume anakhala chete nthawi yaitali. Amayi ndi amene anaidula. "Fila ameneyo adzagwira injini pa mtsetse wa Misuku anthu ali kumbuyo?" Ine ndinali mbali ya amayi, ngakhale mwana safunsidwa pa nkhani zotere. Mtsetse umenewo ndimaudziwa, phompho lake ukaliyang'ana m'mimba mumatentha.

Chitsulo china anachifunsa mpaka ku Tunduma, koma mtengo wake mu shilingi unawabweza. Anagulitsa mbuzi ziwiri n'kupita kwa wowotcherera wa pa Boma. Bamboyo anayamba wachotsa batire ndi kutchinga mapaipi a mafuta ndi chiguduli chonyowa. Kenako anadula pobvunda ponse ndi gilayinda mpaka anafika pa chitsulo chowala. Bowo linakula kuwirikiza, amalume n'kugwira kukamwa, koma iwo anati ukawotcherera pa dzimbiri zili ngati kusoka chigamba pa nsanza. Anajambula bowolo pa katoni, n'kudula chitsulo chochindikala mofanana. Sankawotcherera mzere umodzi wautali, koma pang'ono apa, pang'ono mbali ina, kuti kutentha kusapinde chitsulo. Chikapindika, matayala akutsogolo amayang'ana kosiyana n'kumatha msanga. Zimene timaphunzira mu Physics zoti chitsulo chikatentha chimafutukuka ndinaziona ndi maso.

Ntchito yanga inali yogwira chidebe cha mchenga ndi kupala ndi burashi yawaya. Magetsi anathima kawiri, choncho za tsiku limodzi zinatenga masiku atatu. Pomaliza tinapaka penti wofiira woteteza dzimbiri, ndipo mkati anathiramo oyilo wakale.

Amalume ananyamuka m'bandakucha kudzera msewu wa Karonga mpaka ku Mzuzu, makilomita oposa 300. Akuti woyeza analowa m'dzenje ndi tochi, anagogoda pachigambapo katatu, n'kufunsa kuti wawotcherera ndani. Anawabweza chifukwa cha babu la mabuleki lokha, analigula pomwepo, n'kulandira chiphaso. Tsopano Loweruka lililonse ndimatsuka matope a kunsi, ndipo amalume amandipatsa ya mandasi.