Masiku 21 pakhomo pa azakhali ku Makwasa

Tinanyamuka ku Limbe m'mawa wa Lachisanu, mwezi wa September, titanyamula katundu wopepuka koma wofuna mtima wonse: mazira 12 a nkhuku za Mikolongwe, okulungidwa lililonse m'pepala lakelake, ali m'kabokosi ka nsapato kodzaza utuchi. Kuyambira pa Bvumbwe, pamene amayi amayala tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu, mpaka kulowa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, kabokosiko kanali pamiyendo. Kondakitala atafuna kukalowetsa pansi pa mpando, tinakana kwamtuwagalu.

Mazirawo ankapita kwa azakhali athu, amene amakhala ndi zidzukulu zitatu m'mudzi wina kutsika pang'ono kuchokera ku Malamulo, mishoni yathu ija inayamba mu 1902. Kale pakhomopo pankadalira nthochi, koma matenda a chisaka anatha munda wonse monga anachitira m'madera ambiri a ku Thyolo. Zinatsala ndi nkhuku. Mwana akafuna makope, sopo akatha, kapena pakafunika ndalama ya ulendo wa ku chipatala, nkhuku imodzi inkapita ku msika. Chaka chatha chitopa chinalowa m'mudzimo, ndipo pa nkhuku zonse za azakhali panapulumuka thadzi limodzi lokha, lamawangamawanga, lopanda tambala. Tsopano linali litayamba kufungatira m'chisa chopanda kanthu, ndiye chifukwa chake anatiimbira foni.

Titafika tinaganiza kuti aika mazirawo pansi pa thadzi nthawi yomweyo. Iwo anangotsegula kabokosi, nayang'ana dzira lililonse padzuwa, kenaka anawaimika m'lichero la madeya, nsonga yosongoka ili pansi, nakawasiya m'chipinda chozizira bwino.

"Ana anga, mazirawa agwedezeka mumsewu. Apume kaye. Tidzaika mkuja madzulo, tsiku loyamba la mlungu."

Tinafunsa chifukwa chosankhira tsikulo. Anatiwerengera pa zala. Dzira la nkhuku limaswa pakatha masiku 21, kutanthauza milungu itatu yathunthu, choncho tsiku limene mwaika mazira ndi lomwenso anapiye adzatuluke. Kuika Lachisanu madzulo ndi kuitana anapiye kuti afike pa Sabata, pakhomo palibe munthu, agalu ndi akhwangwala ali tcheru. Masamu amenewa sitinawaphunzire kusukulu.

Sabata tinapembedza nawo pa tchalitchi cha m'mudzimo. Tsiku lotsatira ntchito inayamba. Azakhali anatentha udzu wakale wa m'chisa, nasesa m'khola monse, nawaza phulusa pansi ndi m'ming'alu ya zipupa. Mdani wamkulu wa thadzi lofungatira ndi utitiri. Limakhala malo amodzi usana ndi usiku, tizilomboto timaliyamwa magazi mpaka lipombo lake kuyera, ndipo likatopa limathawa mazira. Anthu ena amayala masamba a fodya m'chisa. Pakhomo pa azakhali fodya salowa, ndiye anayala masamba a nimu pamwamba pa phulusa, kenaka udzu wouma wofewa, pakati pali polowa ngati mbale kuti mazira asagubuduke. Chisacho chinali dengu lakale loikidwa pakona ya mdima, pomwe mphepo ndi dzuwa sizifika.

Mazira awiri anawachotsa: lina linali ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, lina linali lalitali mosiyana ndi anzake. Anati 10 otsalawo ndi okwanira, chifukwa thadzi lachikuda ndi laling'ono thupi, ndipo dzira lotulukira kunja kwa mapiko limazizira. Popeza thadzi limasinthasintha mazira malo, kuchulutsa kumachititsa kuti onse alawe kuzizirako mosinthana. Dzira limodzi linali ndi kachitosi, ife n'kuthamangira madzi. Anatigwira dzanja. Chigoba chili ndi timabowo tosaoneka tomwe mwanapiye amapumira, ndipo kunja kwake kuli kachiphimbo kotchinga majeremusi. Madzi amachotsa kachiphimboko. Anapukuta ndi kansalu kouma, nalemba mtanda wa pensulo pa dzira lililonse kuti adzalizindikire ngati nkhuku ya anansi itadzaikira lake momwemo.

Kutada anatenga mazira aja n'kuwalowetsa limodzilimodzi pansi pa thadzi. Linafufuma nthenga, linalira mokalipa, linawajompha padzanja, kenaka linayamba kukoka mazirawo ndi mlomo kuwalowetsa pachifuwa. Pachifuwapo nthenga zinali zitathothoka, khungu lili poyera. Ndi mmene Mlengi analikonzera, kuti kutentha kwa thupi kufike pa dzira mwachindunji. Makina oswetsera mazira amatsanzira zomwezi: kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5, chinyezi choyenera, ndi kutembenuza mazira kangapo patsiku. Thadzi limachita zonsezi popanda magetsi.

Apa m'pamene tinamvetsa ubale wa mitundu iwiri ya nkhukuzi. Zimene timazitcha za Mikolongwe ndi mtundu wa Black Australorp wochokera ku Australia, ndipo dzinali zinalitengera ku malo a boma oweterako ziweto ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Ndi zazikulu, zimaikira mazira ambiri, koma pa kufungatira ndi kulera sizipikisana ndi zachikuda. Thadzi lachikuda silisankha. Limalera anapiye a mtundu wina ngati ake, ngakhale a nkhanga, amene amatenga pafupifupi milungu inayi.

Tinabwerera ku tauni, koma nkhani zinkatipeza pafoni. Thadzi linkatuluka kamodzi patsiku, kwa mphindi ngati 20, kukadya madeya ndi chimanga, kumwa madzi ndi kusamba m'fumbi. Azakhali ankaika chakudya patali pang'ono ndi chisa kuti lizidzuka ndi kukachitira chimbudzi kunja. Tsiku la 10, usiku, mdzukulu wamkulu anaunika mazira ndi tochi ya pafoni. Asanu ndi atatu anaonetsa mitsempha yofiira ngati ukonde wa kangaude. Awiri anali owala mbee, opanda kanthu, ndipo anawachotsa asanasukuse, chifukwa dzira losukusa likaphulika limaipitsa chisa chonse.

Lachisanu la mlungu wachitatu tinakweranso minibasi. Dzuwa lisanalowe, pokonzekera Sabata, azakhali anaika madzi ndi chakudya chokwana tsiku lonse, natseka khomo la khola ndi mwala. Sabata litatha anatiitana kuti titchere khutu pafupi ndi dengu. Munkamveka timawu ta anapiye adakali m'zigoba, thadzi likuyankha chapansipansi.

M'mawa wa tsiku loyamba timitu takuda tinayamba kusuzumira pakati pa nthenga. Pofika masana asanu ndi mmodzi anali atatuluka n'kuuma. Mazira awiri anali ndi kabowo chabe, kamlomo kakuoneka. Azakhali anapita kumjigo atatilangiza kuti tisakhudze kanthu. Ife tinaona ngati kamwanapiye kena kakuvutika, ndipo chifundo chopanda nzeru chinatigwira. Tinayamba kusenda chigoba ndi chikhadabo. Pakhungu loyera la mkati panatuluka magazi. Tinabweza dziralo msanga, koma kamwanapiyeko sikanafike madzulo.

Atabwera sanatikalipire. Anakanyamula m'dzanja, natisonyeza pamchombo pomwe panali pasanatseke. M'maola omaliza mwanapiye amalowetsa m'mimba mwake chikasu chotsala cha dzira, ndipo mitsempha ya m'khungu lija imauma pang'onopang'ono. Kuchokera pa kabowo koyamba mpaka kutuluka pangathe tsiku lathunthu. Kumene ife tinkakutcha kuvutika kunali kupuma. Dzira lomaliza, limene sitinalikhudze, linaswa lokha usiku. Anapiye anakwana 7.

"Kuswa ndi ntchito ya thadzi," anatero azakhali. "Yanga iyamba mawa."

Ankanena zoona. M'midzi yathu anapiye ambiri amafa atatuluka kale, makamaka m'milungu yoyambirira. Kabawi amatsika kuchokera m'mitengo ya bulugamu, likongwe amabisala m'tchire, mame a m'mawa amanyowetsa anapiye mpaka kuzizidwa, ndipo make amawayendetsa mtunda wopitirira mphamvu zawo. Azakhali anali atakonzeratu dengu lalikulu lansungwi lovundikira, lopanda pansi, loti azilisuntha tsiku ndi tsiku pamalo pouma. Tsiku loyamba anapiye safuna zambiri chifukwa cha chikasu chija. Kenaka amawapatsa misere yosalala, madeya osakaniza ndi ufa wa soya wokazinga, masamba odula tizidutswa, ndiponso chiswe chimene ana amakatola. Madzi amaika m'mbale yosazama muli timiyala, kuti mwanapiye asamire.

Za chitopa anaphunzira mowawa. Matendawa alibe mankhwala, ndipo amakonda kubuka nyengo yotentha. Chitetezo ndi katemera wa I-2, wopangidwa ku Lilongwe konkuno, wongodonthezera dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, anapiye omwe, ndipo amabwerezedwa miyezi 4 iliyonse. Azakhali analembetsa kale dzina kwa wotemera wa m'mudzimo. Anatinso nkhuku yogula ku msika sidzalowanso m'khola isanakhale payokha milungu iwiri.

Tinaona zinanso zoyenera kutengera. Thadzi ndi anapiye sagona m'nyumba mogona anthu kapena kukhitchini, ngakhale kuzizire. Pakhomo la khola pali chigubu cha madzi ndi sopo, ndipo mwana aliyense wogwira anapiye amasamba m'manja asanadye, chifukwa chitosi chimanyamula majeremusi otsegula m'mimba. Nkhuku zimenezi zikadzayamba kuikira, patatha miyezi 5 kapena 6, azakhali akuti mazira oyamba adzakhala a zidzukulu, ophika mpaka kupsa. Izi zikugwirizana ndi uphungu wa Ellen G. White m'buku la The Ministry of Healing la 1905, woti mabanja osowa asakakamizidwe kusiya mkaka ndi mazira, koma mazirawo azichokera ku nkhuku zathanzi, zodyetsedwa ndi kusamalidwa bwino.

M'mawa wonyamuka, azakhali anatulutsa thadzi ndi ana ake pabwalo kwa kanthawi, iwo ali pambali ndi ndodo. Chithunzithunzi cha mbalame chinadutsa pansi. Thadzi linalira kamodzi, ndipo anapiye onse anazimiririka pansi pa mapiko. Mdzukulu wamng'ono anakumbukira phunziro la ku Sukulu ya Sabata, la pa Mateyu 23:37, pamene Yesu anadzifanizira ndi thadzi polirira Yerusalemu. Agogo ake anavomera ndi mutu, maso ali kumwamba kufunafuna kabawi.

Potiperekeza anatibwezera kabokosi ka nsapato kaja. Anati tikasunge, chifukwa chaka chamawa mazira adzachokera ku Makwasa kupita ku Limbe.