Mpikisano wa Pabalaza

Nyumba za ku Area 25, kuseri kwa mafakitale a ku Kanengo, sanazimange poganizira maseŵera. Yathu ndi ya lendi: zipinda ziŵiri ndi balaza, ndipo tilimo anthu 7. Pabalazapo ndi pamene timadyera, pamene amayi amasokera mayunifolomu a ana asukulu, pamenenso njinga ya bambo imagona. Usiku anyamatafe timayala mphasa pomwepo. Tsono tangoganizani, anzanga, kuti m'nyumba yotereyi munaloŵa mpikisano wa galimoto.

Anabwera nawo ndi amalume pochokera ku Johannesburg, m'katoni yong'ambika yolembedwa Scalextric. Kwa inu amene simunaonepo, ndi tigalimoto tokwana m'dzanja, tochepa ka 32 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni. Msewu wake ndi zidutswa za pulasitiki zolumikiza. Njira iliyonse ili ndi kangalande pakati, m'mbali mwake muli tizitsulo tiŵiri todutsa magetsi, ndipo kunsi kwa galimoto kuli kalilime koloŵa m'kangalandemo. Chiwongolero palibe. Woyendetsa amangofinya kachipangizo ka m'manja, ndipo akafinyitsa pokhota galimoto imatumphuka n'kukagwera kunsi kwa mpando. Luso lonse lagona pa chala chimodzi. Anaiyambitsa ndi Fred Francis ku England mu 1957, ndipo ine ndikuganiza kuti bamboyo anali ndi chipinda chosoŵa ntchito kwao.

Galimoto ife tinkazidziŵa kale. Mwana wa ku Kanengo amakula akuona malole a fodya atandandalika pa msewu wa M1 kudikira kuloŵa ku okushoni, ndipo akatola waya kuseri kwa mafakitale amapinda lole yakeyake, matayala a patapata, chiwongolero chofika m'chiuno. Mbiri ya galimoto zimenezi inafika kutali, mpaka Karen Lynn Williams wa ku America analemba buku la ana lotchedwa Galimoto mu 1990. Ubwino wake n'ngwakuti msewu wonse wa m'lokeshoni ndi wako, ndipo dzuŵa likaloŵa umangoikoloŵeka pa msomali. Ya amalumeyi inafuna pansi posalala, pouma, popanda fumbi, potalika mamita 2. Malo otere m'nyumba mwathu analipo amodzi okha, ndipo anali kale ndi eni ake.

Poyamba tinkalumikiza Loŵeruka masana n'kumasula madzulo. Sipanapite mwezi, timano tolumikizira zidutswa tinayamba kuthyoka, ndipo toloŵa m'malo mwake sitigulitsidwa mu msika wa Nsungwi. Tinayesa pakhonde. Fumbi la mu Okutobala linadzaza kangalande, mvula itayamba tizitsulo tinachita dzimbiri. Mng'ono wanga anatha masiku aŵiri akupala ndi sandipepala.

Amayi sanakalipe. Anangonena kuti, "Ana inu, makinaŵa ndiwo akulipira fizi ya mkulu wanuyu. Tsiku limene ndidzaponde kagalimoto nditanyamula nsalu ya mwini wake, katoniyo idzapita kudzala." Amene mumadziŵa kuti ntchito ya bambo ku fakitale ya fodya imatha nyengo ya fodya ikatha, mumvetsa kuti mawuŵa sanali nthabwala.

Nzeru inachokera kwa bambo, amene mpaka tsikulo ankaoneka ngati zimenezi sizikuwakhudza. Anabwera ndi chitseko chakale pa njinga, nakhomerapo msewu wonse ndi timisomali ta nsapato. Eni nyumba analetsa kuboola khoma, choncho anamanga zingwe zinayi ku mitanda ya denga, popeza nyumbayo ilibe siling'i. Tikafuna kuseŵera timatsitsa chitsekocho n'kuchikhazika pa mipando iŵiri. Tikatha timachikokera m'mwamba, n'kuchifundika chitenje chifukwa cha mwaye ndi makoswe. Magetsi akathima timalumikiza ku batire ya galimoto ya mavoti 12 imene timamvera wailesi.

Chimene chinagwetsa mtima wa amayi ndi kumsana kwa chitsekocho. Akachitembenuza chimasanduka tebulo lodulirapo nsalu, limene analilakalaka zaka zambiri. Tsono m'maŵa ndi chawo, Lamulungu masana ndi chathu. Ana a m'nyumba zoyandikana amadzaza pakhomo, galimoto zawo za waya atazisiya pa mzere panja ngati pa depoti, ndipo amaloŵa aŵiriaŵiri. Bambo nawo amaseŵera, ngakhale amati akungoyesa ngati magetsi akufika bwino. Pokhota sachepetsa liŵiro, ndipo galimoto yofiira inathyoka kale galasi lakutsogolo.

Nkhani yatsala ndi ya chimanga. Mu Juni matumba amabwera kuchokera kumudzi ku Dowa, ndipo amasanjidwa pabalaza pomwepo, pansi penipeni pa chitsekocho. Akakwana 10 chimatsikabe, munthu atapendekeka. Agogo atumiza uthenga kuti chaka chino tiyembekezere 18. Mng'ono wanga wandilembera kuno ku koleji kuti wayeza kale ndi chingwe, ndipo akuti tikasanja anayianayi m'malo mwa aŵiriaŵiri, matumbawo ndiwo adzakhale miyendo ya tebulo. Amayi sanayankhebe.