Dzanja Lamphamvu pa Bridge

Anzanga ena amati bridge ndi njuga cabe. Koma ife amene timasewera Loweruka madzulo tidziwa kuti ndi masewera a anthu awiri omverana, osaonetsana makadi ao.

Mphamvu ya makadi tiwerenga motere: Ace 4, King 3, Queen 2, Jack 1, zonse pamodzi 40. Mnzako akatsegula, ndiye kuti ali ndi 12 kapena kuposa. Tsono iwe ukapeza 17 m'manja mwako, mtima umagunda, nufuna kulumphira ku game msanga. Mnzanga wina anatero sabata yatha, nanditseka pakamwa, cinkana ndinali ndi 16. Tinadya 12 mwa 13, koma mphotho ya slam, imene ifuna 33, inatipita.

Njira yabwino nayi. Mnzako akati One Heart, iwe uchule mtundu wina molumpha khwerero limodzi, monga Two Spades. M'kaseweredwe ka Acol, kamene kanayamba ku London m'zaka za m'ma 1930, mau amenewa atanthauza 16 kapena kuposa, ndipo nonse awiri simuloledwa kuleka musanafike pa game. Potero mupeza nthawi yofunsana za slam.

Ku Senga Bay asodzi amakoka khoka ndi zingwe ziwiri. Gulu lamphamvu likafulumira lokha, khoka limapendekeka, cambo n'kuthawa. Cimodzimodzinso pa bridge: wamphamvu ayenera kudikira cingwe ca mnzace. Paja akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.