NDODO YA GIYA IKANJENJEMERA M'DZANJA

Abale anga a pa migodi, ine ndine kalaliki, kapena mabalani monga mutichula inu. Sukulu ndinalekera ku pulaimale pa mishoni ya kwathu, ndipo nchito yanga ndi kukhala pa tebulo m'galaja la mgodi, kulemba m'buku zobvuta zimene madalaivala apeza pa malole ao. Lero ndifuna kukuuzani za kanthu kamene ndinakapeputsa, ndipo kanatsala pang'ono kucotsetsa munthu wamkulu nchito.

Inu amene munakwerapo kutsogolo kwa lole yosintha giya ndi dzanja mudziwa kuti ndodo ya giya sikhala phee. Ngakhale lole itaima, injini ikamalira ndodoyo injenjemera pang'ono ngati dzanja la munthu wozizidwa. Ici si cilema ai. Pa malole amene injini iri kutsogolo kwa dalaivala, ndodo ilowa m'giyabokosi mwenimweni, ndipo giyabokosiyo anaimanga ndi mabauti ku injini, kotero zonse ziri ngati thupi limodzi. Injini ikhala pa mitsamiro ya mphira kuti mpando usamve kugunda kwace, koma ndodo iri mbali ya injini, tsono mphirayo siiteteza. Pa malole amene dalaivala akhala pamwamba pa injini, ndodo ifika ku giyabokosi kudzera m'zitsulo zolumikiza kapena nthambo, ndipo kunjenjemerako kucepa.

Kugundaku kucokera m'masilinda. M'silinda iri yonse mafuta aphulika kamodzi injini ikazungulira kawiri. Tinene kuti injini izungulira ka 600 pa miniti lole itaima. Ya masilinda 4 iphulitsa ka 1,200 pa miniti, ndiko kuti ka 20 pa sekondi, ndipo dzanja likumva kumeneku bwino lomwe. Ya masilinda 6 iphulitsa ka 30 pa sekondi, ndipo akakhala pa mzere umodzi mapisitoni ace alingana mphamvu, kotero iyenda mofatsa. Yotere ndi injini ya 1HZ ya mu Land Cruiser, imene a Toyota anayamba kupanga mu 1990, ndipo ipezeka pa migodi yambiri. Dziwaninso kuti injini ya dizilo ifinya mpweya ka 15 kapena kuposa, pamene ya petulo ifinya ngati ka 10, cifukwa cace dizilo igunda kolimba.

Zonsezi ndinazimva kwa amakaniki pa nthawi ya tiyi, ndipo ndinayamba kudziyesa wodziwa. Apa ndi pamene panayambira mlandu wanga.

Lolemba lina m'mawa anadza pa tebulo panga bambo wina wa ku Dedza, wa imvi, amene anayamba kuyendetsa malole ine ndisanabadwe. Anati, "A kalaliki, lembani bwino. Lole ikaima palibe kanthu. Ndikafika makilomita 50 pa ola ndodo iyamba kunjenjemera mwacilendo, ndipo liwiro likakula nakonso kukula. Ndikaponda kilachi sikuleka. Ndiponso ponyamuka ndimva gu! pansi."

Ine ndinaseka pang'ono nditi, "Bambo, lole iri yonse ya dizilo itero."

Iwo anandiyang'ana nati, "Mwana wanga, lole imeneyi ndayenda nayo zaka zisanu. Kunjenjemera kwace ndikudziwa monga ndidziwa kutsokomola kwa mai a kunyumba. Uku nkwina."

Pambuyo pao panali mzere wa anthu, ndipo ine ndinali ndi cangu. M'buku ndinalemba mau awiri okha: "Giya injenjemera." Makaniki anawerenga mauwo, analiza injini lole iri ciimire pabwalo, anagwira ndodo, napeza kuti iri monga zinzace zonse. Anasaina, lole nituruka.

Lacinai bambo aja anali kubwera ku siteshoni ya sitima ndi matumba a simenti, pamodzi ndi anyamata awiri othandiza. Pansi pa lole pali shafiti, citsulo cacitali cimene citenga mphamvu ku giyabokosi kunka nayo ku magudumu a m'mbuyo, ndipo ku nsonga zace kuli mfundo zonga mtanda. Mfundo imodzi inali itatha, ndipo tsikulo inathyoka. Shafiti inagwa, nimenya pansi, nithyola paipi ya utsi. Palibe anapweteka, pakuti bambowo anali kuyenda pang'onopang'ono posaikhulupirira loleyo. Makaniki anandiuza pambuyo pace kuti nsonga ya kutsogolo ya shafiti ikagwa pa liwiro lalikuru ikhoza kuzika mumseu ndi kugubuduza galimoto.

Kapitao wa galaja anatsegula buku, naona mau anga awiri ndi dzina la makaniki pansi pace. Anati dalaivala sananene za kugunda kwa pansi, ndipo kapena anayendetsa mwankhanza. Anandiuza ine ndemwe kuti ndilembe kalata yowaitanira ku mlandu. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinadziwa kuti bambowo ali ndi ana pa sukulu kwao, ndipo ndinadziwanso kuti ndikakhala cete palibe adzanditola, pakuti buku liri kumbali yanga. Komanso ndinaopa nchito yanga, popeza makalaliki ofuna mpando wanga ngambiri.

M'mawa ndinapita kwa kapitao miyendo iri kunjenjemera kuposa ndodo ija. Ndinanena mau onse anai amene bambowo anandiuza, ndi kuti ndinawadula ndine. Makaniki atamva anagwira pakamwa nati akadawerenga zimenezo akadalowa pansi pa lole tsiku lomwelo. Ine ndinalandira kalata ya cenjezo, ndipo iri m'faelo yanga kufikira lero. Bambo aja anakhalabe pa nchito. Sanandikalipire, anangoti, "Colembera canu ndico pakamwa pathu, a kalaliki."

Kuyambira pamenepo dalaivala akanena za ndodo ya giya ndimfunsa mafunso, ndipo ndikupatsani inunso kuti muzidzifunsa. Kodi kunjenjemera kulipo lole itaima, ndipo kukula mukaponda mafuta? Pamenepo yang'anani injini ndi mitsamiro yace. Silinda imodzi ikaleka kuphulitsa bwino injini itsimphina, ndipo kawirikawiri utsi usintha. Kodi ndodo ilumpha yokha mukaponda mafuta kapena kuwaleka? Kapena mtsamiro wang'ambika. Kodi kusintha mukaponda kilachi lole itaima? Nenani, pakuti ici ciloza ku kilachi kapena ku giyabokosi. Kodi kutsata liwiro la pa mseu, osati kulira kwa injini? Apo ndi shafiti kapena magudumu, ndipo musadikire mawa. Koma ngati kubwera pokwera phiri muli m'giya yaikuru injini iri kubuula, tsitsani giya, kudzaleka.

Cinanso, musatsamiritse dzanja pa ndodo ulendo wonse. Kulemera kwa dzanja kukankha kafoloko ka m'giyabokosi pa citsulo cozungulira, ndipo kadyeka msanga. Gwirani posintha giya, mverani, bwezani dzanja ku ciwongolero.

Akulu anati cakudza siciimba ng'oma, koma pa lole ndaona kuti nthawi zina ciimba, motsitsa, m'dzanja la dalaivala. Kunjenjemera kwa masiku onse musakuope. Cenjerani nako kukasintha. Inu madalaivala, nenani zonse, ndipo muuzeni kalaliki akuwerengereni cimene walemba musanacoke pa tebulo. Inu makalaliki anzanga, pepala silidula ngati shafiti. Lembani mau a munthu monga wawanenera.

Tsalani bwino, abale.